Kodi ndiike malire otani a current pa servo drive kuti giyabokosi isathyokenso?

Mmisiri wa ku Luwinga:

Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Ndimayang'anira makina pa fakitale ina yaing'ono kuno ku Luwinga, komwe timalongedza mpunga wa Kilombero m'mapaketi. Lamba wonyamula mapaketiwo amayendetsedwa ndi mota ya servo ya 750 W kudzera pa giyabokosi ya 20:1 (mota ikazungulira ka 20, rola imazungulira kamodzi). Sabata yatha paketi ina inang'ambika, pulasitiki yake n'kukulungika pa rola mpaka lamba anaima, koma mota inapitiriza kukoka kufikira mano a giya atathothoka, ndipo drive, kachipangizo kowongolera motayo, inadzaonetsa alamu zonse zitawonongeka kale. Giyabokosi yatsopano ili m'njira. Kodi malire a current, kuchuluka kwa magetsi olowa mu mota, ndiwatchere bwanji kuti izi zisachitikenso?

Wa ku Katoto:

Bambo, drive yanuyo sinalakwe kanthu, chifukwa imachokera kwa oipanga itatcheredwa kuti iteteze mota, osati giyabokosi kapena lamba. Pa servo, mphamvu yopotokola shafuti, imene timaitcha torque, imakwera mofanana ndi current, choncho mukachepetsa current mwachepetsanso torque. Mota ya 750 W yozungulira ka 3000 pa mphindi imapereka 2.39 Nm (Nm ndi muyeso wa torque), koma ma drive ambiri amailola kufika katatu pamenepo kwa masekondi ochepa, kutanthauza 7 Nm. Mukachulukitsa ndi 20, mupeza kuti mano a giya aja anasenza pafupifupi 140 Nm. Werengani kachitsulo kolembedwa pa giyabokosi yothyokayo muone ngati inapangidwira katundu wotero.

Musatchere mongoganizira. Lamba akadzaza mapaketi, onani pa drive kuti mota ikugwira ntchito pa maperesenti angati a 2.39 Nm ija, ndipo muonenso pamene mukuiyatsa m'mawa, makamaka m'miyezi ya June ndi July pomwe kuzizira kwa kuno kumalimbitsa girizi. Malire akhale pamwamba pang'ono pa chiwerengero chachikulucho, koma pansi pa zimene giyabokosi ingapirire. Ngati drive ikuzima poyamba kuyenda, musathamangire kukweza malire. Talikitsani nthawi imene mota imatenga kuti ifike pa liwiro lake.

Mayi wa ku Chibavi:

Ndikugwirizana ndi a ku Katoto, koma malire okha sakwanira. Lamba akagwidwa, mota idzangokhala ikukankha mwakachetechete pa malirewo, ikutentha, popeza kutentha kwa mawaya ake kumakula kanayi current ikawirikiza kawiri. Uzani drive kuti iziimitsa makina ndi kuliza alamu torque ikakhala pa malire kopitirira theka la sekondi, kapena mota ikatsalira m'mbuyo kwambiri pa malo amene yalamulidwa kufika.

Chachiwiri, mota yothamanga ikaimitsidwa mwadzidzidzi, liwiro limene inali nalo limamenya giya ngakhale current itadulidwa nthawi yomweyo. Apa mpofunika pini yoduka yokha katundu akachuluka, kapena torque limiter (kachipangizo kolekanitsa shafuti torque ikapyola malire), pakati pa giyabokosi ndi rola. Kumene ndinkagwira ntchito kale, mnzathu wina anatopa ndi kusintha pini, nalowetsapo bauti yolimba. Pini sinadukenso ndithu, koma shafuti ndi imene inapindika.

Muwachenjezenso anyamata anu kuti asamachotse pulasitiki ndi manja drive ili yoyaka. Servo imakumbukira pomwe imayenera kufika, ndipo chogwiracho chikangochoka imadumphira pomwepo, zala zili pa rola.

Mmisiri wa ku Luwinga:

Zikomo kwambiri nonse. Pa kachitsulo paja palembedwa 60 Nm basi. Ndayesa pa lamba wathu wachiwiri, yemwe ndi wofanana ndi wowonongekayo: akamayenda atadzaza, mota ili pa maperesenti 60, koma poyamba imafika 130. Nditatalikitsa nthawi yoyambira kuchoka pa masekondi 0.2 kufika pa sekondi imodzi, yatsikira pa 90, ndiye malire ndawaika pa 120, omwe ndi pafupifupi 57 Nm pa giyabokosi. Mayi, pini yodukayo ndiisule ya chitsulo chanji, ndipo ikhale yonenepa bwanji?