Denga la Agogo ku Phalombe

Malume: Moni nonse. Ndabwerako kumudzi dzulo. Makoma a nyumba ya amayi aima, mmisiri wamaliza lintala. Chatsala ndi denga: malata 24, matabwa, misomali ndi ya kalipentala. Zonse zikufuna K900,000. M'thumba muli K410,000 basi.

Mayi Aakulu Ndirande: Achimwene, tchulani maina a amene sanapereke. Tili mu Okutobala, mvula siidikira munthu.

Malume: Maina ayi achemwali. Aliyense akudzidziwa yekha.

Amayi: Ine yanga ndinatumiza pa Mpamba Lachitatu, K60,000. Mwaiona?

Malume: Yafika, zikomo.

Ine: Malume, agogo munawapeza bwanji?

Malume: Akadagona m'khitchini muja ndi ana awiri a malemu. Pepala lapulasitiki tinafolera chaka chatha lija lang'ambika ndi dzuwa, ukagona ukuona kumwamba. Mphasa, mapoto, thumba la nandolo, Baibulo lawo lija lotupa ndi madzi, zonse malo amodzi. Koma ndinawapeza akusesa m'nyumba yatsopanoyo ngakhale ilibe denga. Akuti amalowamo m'mamawa uliwonse kukapemphera.

Achemwali Lilongwe: Misozi yatuluka ine.

Mayi Aakulu Ndirande: Misozi siifolera nyumba mwanawe. Kuyambira Malichi 2023 mayi wathu alibe pogona penipeni. Namondwe Freddy anawachotsa m'nyumba usiku, anakhala kukampu kusukulu, anaika mwana wawo m'manda, ife tikadali kuwerengerana. Mvula siidikira munthu.

Achemwali Lilongwe: Mayi aakulu, ndinanena kuti ndipereka ndikalandira pa 27. Fizi ya ana inandipanikiza.

Msuweni: Bwanji tingofolera ndi udzu kaye, malata tidzaone chaka chamawa?

Amayi: Udzu ayi. Tikanagula malata aja nthawi imene ndinanena, Kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bwenzi izi zitatha kale. Tikachedwanso mitengo itisiya kachiwiri.

Mayi Aakulu Ndirande: Ndalama zinalipo nthawi imeneyo. Sindinena zambiri.

Malume: Achemwali, za chipepeso tinakambirana kumudzi pamaso pa akuluakulu, zinatha. Zisabwerenso pano.

Mayi Aakulu Ndirande: Ine sindinatchule chipepeso.

Mlamu: Uthenga uwu wafufutidwa

Ine: Achimwene a ku Joni mukuwerenga koma simukuyankha. Muli bwino?

Mzime: Ndinawaimbira Lamulungu, foni sinagwire.

Msuweni: Paja nandolo akugula bwanji ku Migowi panopa? Agogo akanagulitsa thumba lija tikanawonjezera.

Amayi: Thumba limenelo ndi ndiwo za ana. Chimanga sichinachite ndi ng'amba ya chaka chino cha 2024, boma lomwe linalengeza za ngozi m'maboma 23. Mukufuna adye chiyani Januwale?

Msuweni: Pepani azakhali, sindinaganize.

Achemwali Lilongwe: Koma nandolo wa agogo wophika ndi makaka uja, eee. Mzime ukukumbukira unadya mpaka kugona pamkeka?

Mzime: Achemwali musandiyalutse pagulu. Ndinali Sitandade 2.

Achemwali Lilongwe: Ndipo mtsikana wa malemu uja akulemba mayeso a Sitandade 8 chaka chamawa. Yunifolomu ali nayo?

Malume: Amayi a Mvano anamusokera. Amayi amenewo atithandiza kwambiri. Madzi oumbira njerwa anatunga ndi iwo, Lachinayi lililonse akatuluka kumapemphero amadzera kwa amayi. Anyamata a kwaya ndi amene anawotcha uvuni osalandira kanthu, nsima yokha.

Mayi Aakulu Ndirande: Mwamva? Anthu a kumpingo achita mbali yawo. Ife obadwa m'mimba mwawo ndiye tikuti pa 27, pa 30. Mvula siidikira munthu.

Amayi: Achemwali, mawu anu ndi oona koma ana mukuwaopseza. Aliyense ali ndi katundu wake. Ndimakumbukira 1991 napolo atatsika m'phiri la Michesi. Inu munali kale ku Blantyre. Amayi anatitulutsa ine ndi malemu, madzi ali m'chiuno, akuimba nyimbo yakutchalitchi mano akugundana. Munda wonse unasanduka miyala. Anayamba ganyu, anagulitsa zitumbuwa, achimwene sanasiye sukulu ngakhale teremu imodzi. Ndiye madzi omwewo abwera kachiwiri ndi kuwatengera mwana. Tsiku la maliro ine ndinkafunsa kuti Mulungu ali kuti. Iwo anandigwira dzanja n'kuti tsegula Yesaya 43 ndime 2, ya kuoloka pamadzi ija, uwerenge mokweza ana amve. Ndinawerenga ndikulira.

Ine: Amayi nkhani ya 1991 simunatiuzepo chonchi.

Amayi: Siikambika kawirikawiri mwanangu.

Achimwene Joni: Moni malume, moni amayi, nonse. Ntchito ya kumunda wa mphesa inatha mu Julayi. Ndakhala ndikugona kwa mnzanga, foni ndinapinyolitsa. Ndinachita manyazi kunena. Ndayamba ganyu yomanga sabata yatha. Loweruka nditumiza R1,000 pa Mukuru.

Amayi: Mwana wanga, miyezi yonseyi osandiuza? Ukudya?

Achimwene Joni: Ndikudya amayi. Musadandaule.

Malume: Mphwanga, vuto sabisa kwa abale. Tumiza theka, theka linalo upezere pogona. Agogo ako akamva kuti ukugona pa anthu chifukwa cha malata awo sangakondwe.

Mayi Aakulu Ndirande: Ukanandiimbira ine. Ndikukupempherera usiku uno. Utumize R500 yokha monga anenera malume ako, yotsalayo ndiika ine, ndikatenga kubanki m'khonde Lachisanu.

Achimwene Joni: Zikomo mayi aakulu. Mulungu akudalitseni.

Mzime: Ine ndalama ndilibe, koma tikatsekera ndipita kukathandiza kalipentala kukweza matabwa. Ya wothandizira ichoke pamndandanda.

Malume: Zabwino. Ndachotsa K40,000.

Mlamu: Pepani ndinali pamsewu. Galimoto ya kuntchito ikupita ku Mulanje pa 2, abwana avomera kuti tinyamule malata kuchokera ku Limbe. Mafuta okha a kuchoka pa Chitakale kukafika kumudzi.

Mayi Aakulu Ndirande: Pa 2 si kutali. Ndiye ndalama zonse zikhale zitafika pa 30. Mitambo yayamba kale kuno ku Ndirande.

Achemwali Lilongwe: Pa 27 ndituma K100,000. Ndipo denga likatha tipite tonse pa Khirisimasi, abusa adzapempherere nyumba. Mpunga ndi nkhuku ndi ine.

Msuweni: Ine K30,000 mawa. Bambo, nambala ndi ya Airtel Money ija?

Malume: Yomweyo. Ukatumiza ujambule uthenga uike pano.

Ine: Yanga K50,000 yapita pompano. Malume, kodi achimwene aang'ono a ku Mzuzu akadali pagulu lino? Nambala yawo sindikuiona.

Malume: Anatuluka mwezi watha. Ndiwaimbira ndekha madzulo. Alamu, mufunse ku Limbe mtengo wa malata a geji 28 mundiuze lero lomwe.