Makasitomala akubweza Goblin, akuti ndi zausatana: anthu awiriwa ndiwatche chiyani?

Yamikani (Ndirande):
Abale anzanga omasulira, ndithandizeni nzeru. Mwezi wathawu ndinamaliza zigawo zinayi zoyamba za Goblin, ija ya ku Korea ya 2016 yomwe muli Gong Yoo, n'kuzipereka kwa anyamata obena m'mafulashi kumsika. Sabata isanathe, mayi wina wogulitsa makala anabwera, n'kumasula fulashi pamfundo ya chitenje, akuti fufutani, kwanga ana saonera zausatana. Dzulo kwabweranso wina. Koma nkhaniyi ndaionera yonse mpaka gawo 16, usatana mulibe. Ndi nkhani ya chikondi ndi imfa, ndipo pa gawo 13 ine misozi inatuluka. Ndikuona kuti cholakwa chili pa mawu anga. Mwamuna wa lupanga pachifuwa uja ndinamutcha "chiwanda", mnzake wachipewa chakuda ndinamutcha "Satana wotenga anthu". Ndisanakhudze gawo 5, ndiwatche chiyani?

Lachiwiri: wa vidiyo sho wina wandipatsa Rurouni Kenshin, filimu ya malupanga ya ku Japan, yoyamba ija ya 2012. Ndikakhala chete pandewu, anyamata amakuwa kuti DJ wagona. Ndikalankhula, ena amati ndikuphimba malupanga. Inu mumatani?

Madala Nkhoma (Mchesi):
Mwana wanga, mayiyo sanalakwe. Iwe unamuuza wekha kuti mufilimu muli Satana, iye wakhulupirira mawu ako. Akorea munthu wachipewa uja amamutcha jeoseung saja, kutanthauza mthenga wa kudziko la akufa. Sapha munthu. Amalandira khadi lolembedwa dzina ndi nthawi, n'kupita kukadikira pamalopo, munthu akatsirizika iye amamuitana dzina n'kumuperekeza. Taonanso bwino pamene amakhazika womwalira pampando n'kumuthirira tiyi woiwalitsa za moyo uno. Satana angapatse munthu mpando ndi tiyi? Ndi wantchito chabe, amadandaula za lendi ngati iwe ndi ine.

Gift (Zolozolo):
Winayo mutcheni ndondocha basi, anthu amva msanga.

Madala Nkhoma (Mchesi):
Ayi Gift, pamenepo waonjezera moto. Ndondocha ndi munthu amene mfiti yamupha mwamatsenga kuti aziigwirira ntchito, alibe mawu, alibe ufulu. Kim Shin, wa lupanga pachifuwa uja, anali mkulu wa asilikali m'nthawi ya ufumu wakale wa ku Korea wa Goryeo, mfumu yake yomwe inamupha chifukwa cha nsanje. Chilango chake n'choti asafe, aziona onse amene amawakonda akumwalira mmodzimmodzi, zaka 939. Palibe womutuma. Ukangoti ndondocha, woonera ayamba kufunafuna mfiti, ndipo mfitiyo saipeza mpaka filimu kutha.

Tadala (Zomba):
Achimwene Yamikani, ine dzina la Dokkaebi, lomwe Akorea amamutchula Kim Shin, ndinalisiya momwemo. Anthu athu anaphunzira kunena ninja ndi samurai popanda wowamasulira, ili silingawakanike. Chimene ndinachita ndi kulifotokoza kamodzi kokha, pa gawo 1 pamene lupanga likumubaya, ndinati: "Uyu sanafe, sanakhalenso wamoyo ngati ife. Kwawo munthu wotere amati Dokkaebi." Basi. Kuyambira pamenepo ndi dzina lake. Mu nthano zawo dokkaebi si mzukwa wa munthu wakufa ndiponso si woipa kwenikweni, amakonda kuseweretsa anthu, amalemeretsa amene wamukomera mtima, amaopa magazi a hatchi. Za magazi a hatchizo zili mufilimu momwemo, ndipo anthu amaseka kwambiri ukazimasulira bwino.

Koma pali china chimene ndikufuna muone, chifukwa kwa ine ndi chachikulu kuposa mainawo. Ambirife timamasulira kuchokera pa mawu a Chingerezi a pansi aja, ndipo Chingerezi chili ndi "you" mmodzi yekha. Chikorea chili ngati Chichewa, muli iwe ndi inu. Valani mahedifoni mumvetsere mathero a mawu. Akamamaliza ndi "yo" kapena "mnida", ameneyo akulemekeza, ndiye kuti inu. Akadula opanda zimenezo, ndiye iwe. Mtsikana uja Eun-tak amalankhula ndi Kim Shin mwaulemu nthawi zonse ngakhale akumunyogodola, ndipo amamuitana "ajeossi", lomwe kwathu kuno ndi ankolo enieni, aja timaitana bambo wamkulu amene si m'bale wathu. Kim Shin amamuyankha ndi iwe. Pamene Kim Shin ndi wachipewa uja amayankhana iweiwe ngati anyamata ogona gowelo imodzi, ndipo kukangana kwawo patebulo la chakudya kumakoma chifukwa cha chimenecho. Mukawapatsa onse inu, kapena onse iwe, theka la filimu mwataya. Ine nditayamba kutsata zimenezi, amayi a kusaluni anayamba kundifunsa kuti gawo lotsatira lituluka liti. Mzungu wowerenga mawu a pansi sazimva izi, ife tikhoza kuzipereka zonse.

Yamikani (Ndirande):
Achemwali, apa mwanditsegula m'maso. Ndabwerera pa gawo 1 pompano, pamene mtsikanayo akuzima makandulo a keke m'mbali mwa nyanja n'kutulukira mwamuna uja. Zoonadi akuti "yo" paliponse. Ine ndinamulankhulitsa kuti "iwe ndiwe ndani", ngati mwana wopanda mwambo. N'kutheka kuti mayi uja zinamunyansanso zimenezi.

Nanga wachipewayo? Dzina loti jeoseung saja ndi lolemera pakamwa, sindingalitchule kakhumi pagawo limodzi.

Gift (Zolozolo):
Pa ndondocha ndavomera. Nanga uyu bwanji osamutcha mdzukulu? Adzukulu ndi amene amaperekeza maliro, amakumba manda, palibe amawaopa kapena kuwatcha oipa. Ntchito yake ndi yomweyo.

Tadala (Zomba):
Ganizo labwino aGift, mtima wake ndi womwewo. Chovuta n'choti mufilimu momwemo muli mdzukulu weniweni, mnyamata wokonda ndalama uja wa kubanja lomwe limatumikira Kim Shin, ndipo agogo ake amamutchula pafupipafupi. Anthu asokonezeka.

Madala Nkhoma (Mchesi):
Munthu akamwalira timati wapita kuli chete. Mutcheni mthenga wa kuli chete koyamba, kenako muzingoti aMthenga. Ndi zomwe Akorea akunena, ndipo agogo a kumudzi amva popanda kufunsa. Mukadzafika pa Hotel del Luna ya 2019 mudzamupezanso wotere, woperekeza alendo a hotela ija pagalimoto, dzina lomwelo lidzagwira. Kumeneko alendowo muziti mizimu, chifukwa ndi anthu omwalira amene ali ndi kanthu kosatha pamtima. Mawu oti chiwanda muwasungire okhawo obwezera ndi kuvulaza amoyo. Chimene chimakoka anthu m'mafilimu awa si mantha ayi. Aliyense ali ndi wake amene anapita osatsanzikana naye, ndiye akaona womwalira akupatsidwa mpata womaliza mawu ake, zimamukhudza. Ukamasulira ngati filimu ya mfiti ya ku Nigeria, ndi mawu okuwa, wapha chimenecho. Tsitsa mawu.

Blessings (vidiyo sho, Chinsapo):
Ine si womasulira, ndine woonetsa, ndiye ndiyankhe lachiwirilo monga munthu wokhala kumbuyo kwa mabenchi. Anyamata akamati DJ wagona, sakufuna uzilankhula nthawi ya ndewu. Akufuna adziwe chimene akumenyanirana. Ukawauza ndewu isanayambe, amakhala phee. Kenshin ndinaionetsapo yomasulira munthu wina amene ankangoti "wamubaya! wafa!" pomwe pandewuzo Kenshin sakupha munthu. Ana anayamba kutsutsana okhaokha, chifukwa amene anafa aja anadzukanso. Womasulirayo sanadziwe kuti lupanga la Kenshin ndi lotembenuza, kukuthwa kuli kumsana, kutsogolo n'kobuntha. Analumbira kuti sadzaphanso munthu, atapha ambiri pa nkhondo yomwe inagwetsa ulamuliro wa shogun, mkulu wa asilikali amene ankalamulira Japan, mu 1868. Nkhani yonse yagona pa lumbiro limenelo: kodi amukwiyitsa mpaka atembenuze lupanga? Ukanena zimenezi poyamba, mwana aliyense amayang'ana dzanja la Kenshin, safunanso phokoso lako.

Chifundo (Limbe):
Ndigwirizane ndi aBlessings ndi kuonjezera za makina. Ndewu za ku Japan n'zosiyana ndi za ku Hong Kong zomwe tinakulira. Za Jackie Chan zimatenga nthawi, pali mipata yoponyamo nthabwala. Wa ku Japan amaima nthawi yaitali osagwedezeka, kenako zonse zimatha m'kuphethira kwa diso. Kuima kuja ndi mbali ya ndewu. Ine ndimachita chonchi mu Audacity, pulogalamu yokonzera mawu pakompyuta: mawu anga pa mzere wawo, a filimu pa mzere wawo. Ndikamalankhula ndimatsitsa a filimu koma osazimitsa. Awiri akangoyang'anizana, ndimamaliza chiganizo changa dzanja lisanafike pachigwiriro, n'kukweza a filimu mpaka pamwamba. Kulira kwa lupanga potuluka m'chimake, mapazi pa matabwa, kupuma kwa munthu, zonse zimveke. Ndimabwereranso wina akagwa, ndi mawu awiri atatu okha.

Takeru Satoh, amene akusewera ngati Kenshin, amathamanga modabwitsa mufilimu imeneyi, ndipo amene anakonza ndewuzo, Kenji Tanigaki, anagwira ntchito zaka zambiri ku Hong Kong ndi Donnie Yen, n'chifukwa chake liwiro lake anyamata athu amalikonda. Pandewu ya m'bwalo la dojo, sukulu yophunzitsira malupanga ija, pamene Kenshin akugwetsa gulu lonse, ndinangolankhula kawiri.

Za iwe ndi inu zomwe anena aTadala ziliponso kuno. Mvetserani, Kenshin amamaliza mawu ake ndi "de gozaru", kalankhulidwe kakale kodzichepetsa. Ine ndimamupatsa Chichewa cha ulemu wa kumudzi, "pepani", "ndapota nanu", ngakhale kwa ana. Pandewu yomaliza, mdani atagwira Kaoru, mtsikana mwini dojo uja, ulemu uja umatha, ndipo pamenepo ndimamulankhulitsa iwe kwa nthawi yoyamba. Muholo mumachita kuti zii.

Blessings (vidiyo sho, Chinsapo):
Chenjezo limodzi kwa amene akufuna kutsatiza za samurai. 13 Assassins ya Takashi Miike ya 2010 ndi yabwino zedi, nkhondo yomaliza yokha imatenga pafupifupi mphindi 45, koma koyambirira kuli nkhanza zoti mwana sayenera kuona. Ine ndimaionetsa usiku kwa akuluakulu okha. Omasulira muzitiuza zotere popereka, tisamadzidzimukire pamaso pa ana.

Madala Nkhoma (Mchesi):
Kenshin muli mfundo ina yofunika kuinena. Apolisi akamamuthamangitsa chifukwa chonyamula lupanga, anthu amadabwa poti ndi samurai. Boma la mfumu Meiji ya ku Japan linaletsa kuyenda ndi malupanga mu 1876, ndipo nkhaniyi ikuchitika lamulolo litakhazikitsidwa kale. Chiganizo chimodzi chikwanira.

Yamikani (Ndirande):
Ndabwera kudzapereka lipoti. Ndajambulanso zigawo zinayi zija, zanditengera mausiku asanu chifukwa magetsi amangozimazima. Dokkaebi ndamusiya Dokkaebi, winayo ndi aMthenga, mtsikana akuti ankolo ndi inu. Pa malo a tiyi ndatsitsa mawu monga munanenera madala. Ndinapita ndekha kwa mayi wa makala uja n'kumupempha aonere gawo 1 lokha pafoni yanga, ndalama ayi. Anaonera atakhala pathumba, mpaka pamene mwana akuzindikira kuti mayi ake amene akhala naye pa keke ya tsiku lake lobadwa ndi mzimu chabe. Anapukuta m'maso ndi chitenje n'kufunsa ngati zinazo zilipo. Watenga zinayi zonse.

Kenshin ndiyamba Lolemba. AChifundo, munditumizire kachidutswa ka ndewu ya m'dojo ija momwe munaikira, ndione pomwe mumakwezera mawu. Ndipo amene anamasulirapo Tale of the Nine Tailed anene: gumiho uja ndimutche nkhandwe ya michira isanu ndi inayi nthawi zonse, kapena nayenso ndimusiyire dzina lake?