Nyimbo zofatsa za ambient: ndiyambire pati?

Wausiku: Anzanga, ine ndimagwira ntchito usiku, ndipo nyimbo zang'oma zimandibalalitsa maganizo. Mnzanga wina anandimvetsera ambient ya kampani yaing'ono yotchedwa 12k. Imamveka mofewa ngati mvula yowaza padenga laudzu. Ndinaikonda zedi. Kodi alipo makampani ena ang'onoang'ono otulutsa zoterezi?

Chitoliro: Achimwene, mwayambira pabwino. 12k anaiyambitsa Taylor Deupree ku New York mu 1997. Kufewa mukumvako nthawi zambiri kumachokera ku tepi. Woimba amajambula gitala kapena piyano pa tepi yakale, n'kulumikiza nsonga zake ziwiri kuti kachidutswako kazizungulira. Kaphokoso ka tepiko sakachotsa, ndipo ine ndi komwe ndimakonda. Yesaninso Room40 ya Lawrence English ku Brisbane, ngakhale zina zawo n'zaukali pang'ono.

Nyenyezi: Musaiwale Kranky ya ku Chicago, ilipo kuyambira 1993. Ndikupempheni chinthu chimodzi: ngati mungathe, muzigula pa Bandcamp, webusaiti yogulitsira nyimbo. Makampaniwa amayendetsedwa ndi anthu ochepa, ndalama yanuyo amaiona.

Wausiku: Zikomo nonse. Za tepizo zandikhudza, kaphokosoko ndimaganiza kuti ndi mahedifoni anga akufa. Usiku uno ndiyamba ndi Room40.