Munthu womangidwapo angapatsidwenso mfuti kuno ku Joni?

Nachisale, Rosettenville:
Abale anga, ndithandizeni nzeru. Mng'ono wanga anakwatiwa ndi bambo wa konkuno. Bamboyo anamumenya mpaka kumuthyola nthiti, n'kumuloza mfuti pamaso pa ana. Khoti linamugamula ndipo apolisi analanda mfutiyo. Pano watuluka, akuuza anthu kushabini kuti ayitenganso. Mng'ono wangayo akugona atatsamiritsa firiji kuchitseko. Zingatheke kuti bamboyo amupatsedi mfuti?

Bambo Mbewe, Turffontein:
Mayi, pepani kwambiri. Lamulo la za mfuti kuno ku South Africa ndi Firearms Control Act la 2000. Munthu akapezeka wolakwa pa mlandu wa nkhanza ngati umenewu, amayesedwa wosayenera kusunga mfuti ndipo laisensi yake imatha mphamvu. Chondiwawa ine n'chakuti chiletsocho si cha moyo wonse. Pakatha zaka 5 akhoza kupemphanso, ngakhale kuti amayambira pa competency certificate (chikalata chosonyeza kuti munthu ndi woyenera kusunga mfuti) ndipo apolisi akhoza kumukaniza.

Che Jafali, Mayfair:
Koma munthu akagwira ukaidi n'kumaliza, ndiye kuti walipira. Alipo ena anasinthiratu, tizingowakhomerera mpaka liti?

Nachisale, Rosettenville:
Che Jafali, ntchito apeze, ana aziwaona, sindikukana. Koma mfuti ayi. Analoza nayo mayi wa ana ake, zaka 5 n'chiyani pamenepo?

Anaphiri, Yeoville:
Achemwali, musadikire zimenezo. Mawa lomwe mupite naye mng'ono wanuyo kukhoti la majisitireti akatenge protection order (chikalata cha khoti choletsa bamboyo kumuchitira nkhanza), salipiritsa. Akalembetse zonse zimene bamboyo akulankhula, ndipo amene anamumva kushabiniko akakhale mboni.