Mwana wasiya kuyankhula atamupanga opaleshoni ya mmutu, thandizeni

Moni nonse abale anga. Ndili ku Ulongwe, Angonia. Mwana wanga wa zaka 6 anamuchotsa chotupa cha mu ubongo chakunkhongo ku Maputo, akuti medulloblastoma. Atatsitsimuka anandiitana bwinobwino kuti amama, koma patapita masiku awiri mawu anangoti zii, pano ndi sabata yachinayi. Amamva ndithu, ndikamufunsa amandifinya chala, koma phala likuvuta kumeza.

Adokotala akuti ndi cerebellar mutism, magazi amachepa kuyenda mbali ina ya kutsogolo kwa ubongo, tidikire mawu amabwerera pang'onopang'ono. Ndayesa kumuimbira, kumuonetsa zithunzi pafoni, ndafunsanso mzipatala ziwiri wa terapia da fala (wothandiza zoyankhula) osamupeza.

Alipo mwana wake zinamuchitikira, anayamba liti kuyankhula? Nanga wothandiza zoyankhulayo ndingamupeze kuti, ku Tete kapena Lilongwe?