Hijabu pa sukulu ya mishoni: mkangano tiupewe bwanji?

Mphunzitsi_Machinga: Akuluakulu, makolo achisilamu akufuna ana awo azivala hijabu pa sukulu ya mpingo. Tiyambire pati kuti zisafike ngati za ku Balaka mu 2019, pomwe Akhristu ndi Asilamu anamenyana pa nkhani yomweyi?

Nachisale: Aphunzitsi, musabweze mwana pageti, moto umayambira pomwepo. Bungwe la PAC (Public Affairs Committee), lomwe limasonkhanitsa zipembedzo zosiyanasiyana, linayimira pakati pa Akhristu ndi Asilamu mpaka mgwirizano unasainidwa mu 2021: hijabu ndi yololedwa, bola ifanane mtundu ndi yunifolomu.

Che Mlangizi: Yambani mwakumana ndi abusa ndi a shehe padera. Kenako muitane amfumu, komiti ya sukulu ndi a PEA (mlangizi wa sukulu za pulayimale m'dera lanu). Mukayamba ndi msonkhano wa anthu onse, aliyense amalankhulira gulu lake ndipo safuna kuoneka wogonja. Zomwe mwagwirizana zilembedwe, onse asaine.

Nachisale: Ndipo zilengezedwe Lachisanu ku mzikiti, Lamulungu ku tchalitchi, mawu omwewo.