Kosambira kwabwino ku Mangochi kuno nkuti?

Nachisale_22: Abale ndithandizeni, alamu anga akubwera kuchokera ku Lilongwe ndi ana atatu, akufuna kunyanja koma ine ngakhale ndimakhala pa boma pompano sindinasambepo mnyanja kkkk. Tipite kuti?

Che Bwanali: Achemwali pitani ku Cape Maclear, kwa Chembe. Musanafike pa Monkey Bay mumakhotera kumanzere, msewu wodutsa m'mapiri, anyani ali mbwee. Mukalowe ku Otter Point mu Lake Malawi National Park, madzi ake oyera mbee mpaka nsomba za mbuna mumaziona zikusewera m'miyala, kungoti pageti pamalipiritsa. Ndalama ikalola kwerani boti mukafike pa chilumba cha Thumbi.

Mlongo wa Nkopola: Cape nkutali ndi ana, bwanji ku Nkopola kapena Makokola? Mchenga wambiri, mwana amayenda kaye madzi asanamufike m'khosi. Koma mwera ukamawomba, makamaka Juni ndi Julayi, ana asalowe.

Che Bwanali: Chinanso, mu Shire pafupi ndi buliji musayerekeze, ng'ona ndi mvuu sizicheza. Ndipo popewa likodzo musasambe pomwe pali bango.

Nachisale_22: Zikomo achimwene, nanga chambo chootcha chimapezeka ku Cape konko?

Che Bwanali: Eeh, ndi kampango yemwe, ingolawirirani asodzi akamakocheza.